Nkhwangwa ya Malemu Pambaula

1. Kuseri kwa nyumba ya a Kampamba

Mu Kabwata, mumzinda wa Lusaka, munalibe munthu wosadziwa kuseri kwa nyumba ya a Abednego Kampamba. Ukamayandikira unkayamba kumva fungo la palafini, kenaka kulira kwa tupa, kenaka mawu a eni ake akukalipira chitsulo ngati chili ndi makutu.

Bambowa anagwira ntchito zaka makumi awiri m'kampani ya boma yokonza makina. Kampaniyo itagulitsidwa, eni ake atsopano anawapatsa kalata ya mizere itatu n'kuwauza kuti asiye ovolosi pageti. Zaka makumi awiri, mizere itatu! Anthu ena manyazi anawathawa kalekale. Anzawo a kuntchito anabalalika, ena kukagulitsa zovala zovalidwa kale za salaula, ena kukakhazikika kumowa. A Kampamba anakhoma kabolodi pampanda kolengeza kuti amakonza nkhwangwa ndi makasu. Munda analibe, shopu analibe. Chimene chinawatsalira ndi dzina basi, ndipo anthu ankachoka ku Chelstone ndi ku Avondale kulondola dzina limenelo.

Pakhoma la kashedi kawo panapachikidwa nkhwangwa zakale khumi ndi zinayi. Zimenezi sizinali zamalonda. Ankazipulumutsa kwa ogula zitsulo zakutha a kufupi ndi City Market, anthu oika pasikelo chilichonse, kaya ndi chitseko cha galimoto, kaya ndi nkhwangwa imene inadyetsa banja mibadwo iwiri. A Kampamba akaona nkhwangwa pamulu wa zitsulo zotere ankapsa mtima kwambiri. Ankabwera nayo kunyumba, n'kuichotsa dzimbiri, n'kuisemera mpini, n'kuipachika.

Mwana wawo Chipasha, wa zaka khumi ndi zisanu, ndiye ankakhala nawo m'kashedimo akaweruka kusukulu. Manja anali nawo aluso, mutu unkagwiranso. Chimene chinamukanika mtsikanayu ndi kudikira. Anali munthu wovundukula mphika katatu madzi asanawire.

"Chipasha, mvela," ankatero bambo ake pafupifupi tsiku lililonse. "Nkhwangwa siifuna vambili. Ukasiliza nchito, ipukute, uipake tumafuta, uipachike. Osaisiya pa dothi, dzimbili siigona. Mpini ukayamba kugwedela, osauviika mu manzi monga vamene bachita banthu baulesi. Uzatupa lelo, mailo uzauma, uzagwedela kupambana poyamba, ndipo siku ina chitsulo chizauluka chizapeza mwana wa munthu. Ponola, tupa iyende njila imozi, kuchoka kuli iwe, pang'ono pang'ono, usilize na mwala. Ndipo ija mashini ya malaiti ya ku maketi, yamene ilavula moto, osapelekako chitsulo chilichonse chochoka pano. Wanimvela?"

"Namvela, ba tata," ankayankha Chipasha, maso ali kwina.

2. Katundu wa ku Kabulonga

Lolemba lina m'mwezi wozizira wa Julaye, galimoto yoyera inaima pampanda n'kuliza hutala katatu. Mwini wake sanatsike. Anangotsitsa galasi n'kukodola ndi chala chimodzi, monga mmene ena amaitanira wogulitsa nyuzipepala pamsewu. A Kampamba, munthu wa imvi zake, anapukuta manja n'kupita. Chipasha zinamunyansa, koma anawatsatira.

Mayiyo anali a Winifred Ng'andu a ku Kabulonga. Anatulutsira pawindo chinthu chokulunga m'chitenje.

"Ndimwe ba Kampamba? Bananiuza ku chalichi ati ndimwe chabe mungakwanise. Iyi ni nkhwangwa ya ba tata banga, banamwalila chaka chatha. Inasulidwa kumunzi ku Chinsali, ine nikalibe kubadwa. Pa Chiwelu babululu bonse bazakumana pa nyumba panga, chifukwa bakalamba banga ba Bwembya bazalowa zina ya ba tata. Ku banja kwathu, wolowa zina bamupasa nkhwangwa, adule nayo mtengo pamenso pa bonse. Manje onani mwamene ilili. Nifuna iwale."

A Kampamba anafunyulula chitenjecho. Inali nkhwangwa ya kumudzi, yopanda bowo ngati za m'sitolo. Inali ya msuka, kamchira kosongoka kamene kamalowa m'mutu wa mpini. Dzimbiri linali psuu. Mpini unali wofumbwa, ndipo msuka unali utakanirira m'menemo moti sunkagwedera n'komwe.

"Kuwala ni nchito ing'ono, mayo," anatero. "Chachikulu ni chakuti idule."

"Vilivonse. Pa Chiwelu naini koloko muibwelese." Galasi linakwera, galimoto n'kuwasiyira fumbi.

Atalowa m'kashedi, a Kampamba anatenga tupa n'kuliyendetsa kamodzi kukamwa kwa nkhwangwayo. Tupalo linangotsetsereka, n'kulira mokweza ngati ladutsa pabotolo. Nkhope yawo inawala.

"Wamvela, Chipasha? Tupa yalephela kuluma. Uyu wosula anali katswili. Anaikhwimisa na moto na manzi zaka makumi asanu zapita, mpaka lelo ikali na moyo."

Anadontheza palafini pomwe msuka unalowera, n'kuimika nkhwangwayo m'chitini. Lachiwiri anasema mpini watsopano wa mtondo. Koma Lachitatu madzulo kunabwera uthenga wa maliro. Mnzawo wina wa ku kampani ija anali atamwalira ku Chunga, ndipo a Kampamba anayenera kukakhala kumeneko mpaka Lachisanu. Atavala jekete lawo lakuda, anamuitana Chipasha m'kashedi.

"Mvela bwino, mwana wanga. Kuseni na mumazulo uzidontheza palafini pa msuka. Ukachoka ku sukulu, tenga kachipika aka uzigogoda mutu wa mpini. Na mtengo chabe, osati na hamala. Ikakana, isiye. Olo ikane mpaka nibwele, palibe mulandu, nizang'amba mpini wakale neka, nthawi ilipo. Chimozi chabe nikulesa. Osaifikiza pa moto. Kukhwima kwa chitsulo kunabwela na moto, ndipo kuchoka na moto. Iyi si yathu, ndipo ilibe inzake pa ziko. Uja mayi sanabwele chifukwa cha shedi iyi, anabwela chifukwa banthu bakamba ati Kampamba saononga chinthu cha munthu. Ivo vokha ndiye vamene vitidyesa pano. Wanimvela?"

"Namvela, ba tata."

3. Nzeru za a Killian

Lachinayi Chipasha ataweruka kusukulu anagogoda mpini uja mpaka dzanja kuwawa. Msuka unali nji. Amayi ake anali kumsika kumene ankagulitsa, ndipo pakhomo panali amalume ake okha, a Killian, akuwotha mbaula.

A Killian anali mlongo wa amayi ake a Chipasha. Anabwera kudzakhala masabata awiri, ndipo tsopano chinali chaka chachiwiri. Ntchito yawo inali yosadziwika. Ankavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo m'mawa uliwonse ankalengeza kuti mawa lake zinthu ziyenda. Panalibe nkhani imene a Killian sankaidziwa, kuyambira ndale mpaka kubereketsa ng'ombe, chonsecho manja awo anali osalala ngati a khanda.

"Shani, ba injiniya?" anafuula. "Ukali kugogoda? Kuchokela pa Mande?"

"Ba yama, ba tata banakamba ati ikakana niisiye."

A Killian anaseka mpaka kutsokomola. "Batate bako ni munthu wa mu kampani ya boma. Kuja nchito ya ola imozi benze kuichita wiki yonse. Ndiye chifukwa banaigulisa kampani! Ino ni nthawi yasopano, mwana. Leta kuno. Tiike pa mbaula, mpini upye, chitsulo chizagwa cheka."

"Banalesa moto."

"Banalesa chifukwa baganiza ati ndiwe mwana, uzazishoka. Ise kumunzi nkhwangwa zonse tenze kuika pa moto. Na batate bako baika. Sunabaonepo?"

Apa ndi pamene panagona vuto. Chipasha anali atawaonapo ndithu bambo ake, kamodzi kapena kawiri, akuika pamakala nkhwangwa ya msuka. Chimene sanaone ndi zimene ankayamba achita asanaiike, paja nthawi ya malangizo maso ake ankakhala kwina.

"Ganiza chabe," anapitiriza a Killian. "Babwela mailo bolema, bapeza nchito yasila, chitsulo chiwala. Bazaziba ati mwana wabo wakula."

Mawu amenewa ndiwo anamugwetsa. Chipasha anaima pakhomo la kashedi, nkhwangwa ili m'manja. Anayang'ana chitini cha palafini, anayang'ana mbaula. Kenaka anapita n'kuiika yekha pamakala, chitsulo chonse pamodzi ndi mutu wa mpini.

Mpini wokhuta palafini unayaka nthawi yomweyo. A Killian anawonjezera makala n'kumakupiza ndi chivundikiro cha ndowa, ntchito yokhayo imene anagwira sabata imeneyo. Chitsulo chinayamba kusintha mtundu. Chinachita chikasu ngati udzu wouma, kenaka chabuluu, kenaka chinafiira psuu mpaka kukamwa. Chipasha anaona ngati zokongola. Posakhalitsa mutu wa mpini unagawanika, msuka n'kumasuka.

"Waona? Maminiti teni chabe!" anatero a Killian akudziguguda pachifuwa. "Manje isiye mu mulota izizile yeka."

Luso la wosula wa ku Chinsali, limene linapirira mitengo ya zaka makumi asanu, linathera pambaula yowotchera mbatata, mothandizidwa ndi munthu amene sanadulepo ngakhale chiputu cha chimanga. Zinthu zina zimapsetsa mtima ngakhale pozifotokoza.

Itazizira m'phulusa, Chipasha anaikwecha ndi mchenga ndi bulashi ya waya mpaka inawala mbee. Anaipaka mafuta n'kuigoneka pabenchi, pansalu yoyera.

4. Kulira kwa tupa

A Kampamba anafika Lachisanu masana, nsapato zili mbuu ndi fumbi la kumanda. Chipasha anawalandira chikwama n'kuwatsogolera m'kashedi akumwetulira.

Iwo anaima. Anayang'ana chitsulo chowalacho nthawi yaitali osachigwira.

"Mpini wakale uli kuti?"

"Unachoka, ba tata."

"Nafunsa ati uli kuti."

A Kampamba anatenga tupa n'kuliyendetsa kukamwa kwa nkhwangwayo. Ulendo uno silinalire. Linaluma mwakachetechete ngati likupala sopo, ndipo tizidutswa ta chitsulo tinagwera pansalu yoyera ija. Anayesanso kachiwiri, kenaka anaika tupa pansi pang'onopang'ono.

"Waipha," anatero.

"Ba tata, na imwe muika pa moto. Ninakuonani."

"Unaniona?" Mawu awo anakwera moti nkhuku za kwa aneba zinabalalika. "Unaona chani? Unaona kuti niyamba namata matope ku kamwa konse, namanga saka yonyowa? Unaona kuti chamene chilowa pa makala ni msuka weka, kuti uboole mpini wasopano? Unaona kuti nikhala na kapu ya manzi, nidontheza pa saka kuti isaume? Sunaone, chifukwa iwe uona na menso ya munthu wofuna kuyenda! Chitsulo chikafiila kukamwa, chizizila cheka mu mulota, chikhala monga msomali. Chiwala, inde. Manje kuwala ni chani? Na chitini cha sadini chiwala! Mailo uja mudala azatema mtengo pamenso pa babululu bake bonse, kamwa izapindika monga supuni. Ine banandichosa nchito, sininalile. Banandilanda ovolosi pa geti monga kawalala, sininalile, chifukwa ninaziba ati manja na zina sibangalande. Manje zina yachoka mu nyumba mwanga mweka, na mwana wanga!"

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Chipasha. Manyazi amene anamva anali oposa kukwapulidwa.

A Killian, atamva phokoso, anasuzumira pakhomo. Munthu wanzeru akanathawira kumsika, koma iwo anabwera ndi nzeru zina zatsopano.

"Ba mulamu, osapanga nkhani ikulu. Onani pa chipupa apo. Ija yachitatu ilingana na iyi. Ikani mpini, mupeleke. Uja madamu angazibe chani? Nkhwangwa ni nkhwangwa."

A Kampamba anatembenuka. Chipasha anali asanawaonepo nkhope yotero.

"Killian, mwadya pa nyumba pano zaka zibili, sininakambepo. Lelo mwanionongela nchito, manje mufuna munionongele na mwana? Mumuphunzise ati ukalakwa, unama? Munthu alowe zina ya atate bake na nkhwangwa ya mulendo, ise tiziseka kuno? Chokani pa khomo panga. Apa pa shedi musapondepo futi!"

A Killian anakonza magalasi awo n'kuchoka, akung'ung'udza kuti anthu osafuna kuthandizidwa ndi ovuta.

"Singakhwimisiwe futi?" anafunsa Chipasha ndi mawu a pansi.

"Ingakhwime. Ingasweke futi mu manzi, chifukwa ni chitsulo chakale. Ivo si ine ningasankhe, ni bene bake. Leta matope."

Madzulo amenewo anamuonetsa mmene ntchitoyo imayendera. Anamata matope, anakulunga chiguduli chonyowa, n'kuika msuka wokha pamakala. Utafiira, anaukanikiza m'mutu wa mpini wa mtondo, utsi uli tolotolo, kuchotsa, kutenthetsanso, mpaka unalowa bwinobwino. Chipasha ankadontheza madzi pachiguduli. Ulendo uno maso ake sanapite kwina, koma kunali kutachedwa.

"Mailo tiyenda tonse," anatero a Kampamba. "Iwe uzanyamula chabe. Pakamwa utseke. Nchito inalowa pa zina yanga, izachoka pa zina yanga."

5. Pamaso pa abale

Loweruka m'mawa anakwera minibasi mpaka ku Kabulonga. Mlonda anawaimika pageti nthawi yaitali, agalu akuuwa, asanawalowetse. Pakapinga panali mipando, ndipo abale oposa makumi atatu anali atakhala kale, ena ovala masuti, ena ooneka kuti afika ndi basi ya kumudzi. Pambali panali mtengo wouma umene anausankha kuti udulidwe.

A Winifred anabwera mwachangu n'kufunyulula chitenje. "Eya! Onani mwamene iwalila!"

A Kampamba anavula chipewa. "Mayo, mukalibe kusekela, nili na mau. Nkhwangwa iyi yaonongeka pa shedi panga. Inapya na moto, kukhwima kunachoka. Ikatema mtengo izapindika. Mulandu ni wanga, nipempha munikhululukile."

Abale onse anatembenukira kwa iwo.

"Mwati chani?" A Winifred anakweza mawu kuti aliyense amve. "Nkhwangwa ya ba tata? Banthu bachoka ku Chinsali, ku Kitwe, bagona mu mabasi, imwe mubwela na chipewa mu manja ati nikhululukileni? Nanga muli na nchito bwanji imwe? Kanshi ndiye chifukwa banakupishani ku kampani! Banthu monga imwe ndimwe munagwesa ziko, kudya chabe malipilo nchito simuziba. Mailo nizaimilila mu chalichi, nizauza bonse. Na baja ba mafamu bamene bakutumilani makasu, nibaziba. Simuzagwilapo futi olo kampeni ka munthu mu Lusaka muno!"

A Kampamba anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Anthu a masuti ankapukusa mitu, ndipo wina anaseka. Munthu amene sanaonongepo chinthu cha mwini moyo wake wonse ankatukwanidwa ngati wakuba, pakapinga pa eni ake, ndi mayi amene sankadziwa n'komwe mbali yogwira tupa.

Chipasha anadzutsa mutu. Bambo ake anamuyang'ana m'mbali n'kupukusa mutu pang'ono, kumukumbutsa zimene anamuuza. Akanatha kukhala chete. Palibe akanadziwa, ndipo Lolemba akanapita kusukulu ngati palibe chachitika.

Anapita patsogolo n'kugwada.

"Si ba tata. Ndine."

"Chipasha!" anatero a Kampamba.

"Ba tata benze ku malilo ku Chunga. Banandilesa moto. Ine ninafuna kufulumila, ninaiika pa mbaula na manja yanga. Ba tata sibanaonongepo chinthu cha munthu. Ngati muzakamba mu chalichi, mukambe zina yanga. Ndine Chipasha." Mawu ake anamveka mpaka kumipando ya kumbuyo.

"Ndiye vapitilila kuipa!" anakuwa a Winifred. "Chuma cha banja kusiila kamwana, kakazi futi!"

"Winifred, pumula."

Amene analankhulayo anali bambo wachikulire wowonda, wovala jekete lothina m'mapewa, amene anakhala pampando wa patsogolo. Anali a Bwembya, mlongo wamkulu wa a Winifred, mwini tsikulo. Anaimirira, analandira nkhwangwa ija n'kuitembenuza. Anasisita mpini ndi chala chachikulu, n'kuugwedeza kuti aone ngati ukulimba. Kenaka anatulutsa kampeni m'thumba n'kupala kukamwa kwake. Kachitsulo kopyapyala kanatuluka kopotana.

"Yafa zoona," anatero. Anayang'ana Chipasha. "Mwaice, inafiila kufika pati?"

"Yonse, ba shikulu. Mpaka kukamwa."

"Unaiika mu manzi?"

"Iyai. Inazizila mu mulota."

"Nanga uyu mpini anaika ni ndani?"

"Ba tata."

A Bwembya anagwedeza mutu. Anatembenukira kwa abale aja. "Uyu mpini waikiwa na munthu woziba nchito. Ndipo uyu munthu sembe anakhala chete, ine sembe nachita manyazi pa mtengo apo, pamenso panu. Manje mvelani. Ine sinizalowa zina ya ba tata na chitsulo chakufa. Lelo kulibe mwambo."

Pabwalo panabuka phokoso. A Winifred anagwira m'mutu n'kuyamba kutchula za nyama imene yaphikidwa kale ndi alendo amene achokera kutali. A Bwembya anangokweza dzanja.

"Nyama tizadya. Bofuna kubwelela babwelele, bofuna kuona balindile mpaka pa Chibili. Ine nili mwana ninapopelako mvukuto kuli uja wosula, niziba vamene vichitika. Pa Mande mumazulo nizabwela ku Kabwata, tizaibweza pa moto, tizaiika mu manzi." Analoza Chipasha ndi mpini. "Koma ba Kampamba sibazagwila. Wamene anaipha ndiye azagwila chitsulo na mbano, ndiye azaona mtundu wa chitsulo, ndiye azakamba ati manje. Mailo Winifred alindile. Ikakhwima, azatseka pakamwa, sazakamba chilichonse ku chalichi. Ikasweka, ine nibwelela kumunzi wopanda zina, ndipo sinizamulesa kukamba."

Anaikulunga m'chitenje n'kuiika m'manja mwa Chipasha.

6. Posiyana ndi geti

Anayenda mpaka pokwerera minibasi. Chipasha ankayenda m'mbuyo, katundu ali pachifuwa. Atafika, a Kampamba anavala chipewa chawo n'kuyang'ana kumsewu.

"Ninakuuza ati utseke pakamwa."

"Inde, ba tata."

"Wiki imozi, kabili konse sunanimvele."

"Sembe sininakwanise kuimilila chabe, bakutukanani pa mulandu wanga."

A Kampamba anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, n'kunena kuti fumbi la mu Julaye ndi loipa, chonsecho msewu wa kumeneko unali wa phula.

"Tikafika uyashe mbaula," anatero. "Tizayamba na masipulingi yakale ya motoka, uphunzile kuona mtundu wa chitsulo. Lelo, mailo kuchoka ku chalichi, na pa Mande ukachoka ku sukulu. Uli na masiku yabili na hafu."

"Izakhwima, ba tata? Imwe munachitapo, ai?"

"Chitsulo cha mu fakitale, kambili. Cha wosula wa kumunzi, katatu chabe."

"Vinayenda bwanji?"

Minibasi inaima patsogolo pawo, kondakitala akukuwa za m'tauni. A Kampamba anamuyang'ana mwana wawo m'maso, ndipo sanafune kumunamiza.

"Zibili zinasweka," anatero. "Kwela."